Houston sinalakwe posiya Jordan, inalakwa ndi Portland

A Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yathuyi kuti nanenso ndiponyepo mawu pa mtsutso umene wabuka patsamba lino wokhudza mpira wa basketball wa ku America, makamaka za kasankhidwe ka osewera atsopano kamene eni ake amakatcha draft. Makalata awiri amene munasindikiza ndawawerenga mofatsa. Mbale wathu wa ku Zomba akuti matimu onse amene anadumpha Michael Jordan mu 1984 anali a anthu ogona tulo, ndipo aika Houston ndi Portland m'thumba limodzi. Mbale wathu wa ku Mzuzu ayankha kuti timu iyenera kuyang'ana pamene pali mpata n'kutseka pomwepo, ati ngati mulibe munthu wamtali tengani wamtali basi, zinazo n'zokometsera chabe. Ine ndikuti onse awiri aphonya, koma amene aphonya kwambiri ndi a ku Mzuzu.

Ndiyambe ndathandiza awerengi amene anazolowera mpira wa miyendo wokha. Kumpira wa miyendo timu ya ndalama imangogula mnyamata amene yamukonda. Mu ligi ya NBA sizitero kwa anyamata ongoyamba kumene. Kamodzi pachaka, kawirikawiri m'mwezi wa June, matimu onse 30 amasankha mosinthanasinthana anyamata ochokera m'makoleji a ku America ndi m'mayiko ena. Amene anachita bwino chaka chimenecho amasankha kumapeto, amene anali kumchira ndiwo amayamba, cholinga n'chakuti wofooka apezeko mphamvu. Tsono poti m'bwalo mumalowa anthu 5 okha mbali iliyonse, osati 11, mnyamata mmodzi waluso angathe kunyamula timu yonse kwa zaka khumi kapena kuposerapo. Mwayi wosankha koyambirira subwera chaka chilichonse. Ukauseweretsa umalira nawo mpaka imvi.

Tiyeni tipite pa 19 June 1984 mu mzinda wa New York. Masiku amenewo maere osankhira timu yoyamba kunalibe, anayamba chaka chotsatira cha 1985. Chimene ankachita ndi kuponya ndalama m'mwamba pakati pa timu yotsiriza ya chigawo cha kum'mawa ndi yotsiriza ya chigawo cha kumadzulo. Kumadzulo yotsiriza inali Houston Rockets. Kum'mawa inali Indiana Pacers, koma Indiana inali itapereka kale mwayi wakewo kwa Portland Trail Blazers mu 1981 posinthana ndi wosewera wotchedwa Tom Owens. Choncho ndalama inaponyedwa pakati pa Houston ndi Portland, ndipo inagwera Houston. Chicago Bulls inali yachitatu. Mmene zinathera ndi umu: Houston inatenga Hakeem Olajuwon, Portland inatenga Sam Bowie, Chicago inatenga Jordan, Dallas inatenga Sam Perkins, Philadelphia inatenga Charles Barkley, ndipo John Stockton anadikira mpaka nambala 16 pamene Utah inamutola.

Kwa mbale wathu wa ku Zomba ndifunse kuti kodi Houston inalakwa pati? Olajuwon, mwana wa ku Lagos ku Nigeria, anakula akugwira pagolo pa mpira wa miyendo ndi kusewera handball, basketball anaiyamba ali kale mnyamata wa ku sekondale. Koma pofika 1984 anali atafika ndi University of Houston m'ndime ya matimu anayi otsiriza zaka zitatu zotsatizana, ndipo kawiri, mu 1983 ndi 1984, anafika nayo m'ndime yomaliza yeniyeni. M'chaka chake chotsiriza panalibe wa m'makoleji akuluakulu amene anamposa pa kutola mipira yobwerera kudengu kapena pa kutchinga mipira ya adani. Miyendo yake inali yabwinobwino, ndiponso anthu a mumzindamo ankamudziwa kale ngati mwana wa pakhomo. Portland, ndalama ija ikanagwera kwawo, ikanatenga yemweyu. Chicago nayonso ikanakhala yoyamba ikanatero.

Koma mfundo yaikulu nayi, ndipo ndikupempha mbale wathu wa ku Mzuzu aimvetsere. Houston inali ndi munthu wamtali kale. Mu 1983 inasankhanso koyamba ndipo inatenga Ralph Sampson, chimunthu cha mamita 2.24, amene analandira mphoto ya wosewera watsopano wopambana onse. Akuluakulu a Houston akanatsata malangizo akuti tsekani pamene pali mpata, akanati wamtali tili naye, tiyeni tifune wothamanga. Iwo sanatero. Anafunsa funso limodzi lokha, lakuti mwa anyamata onsewa woposa anzake ndani m'maso mwathu, ndipo atapeza yankho anamutenga, za malo anakaziona pambuyo. Patangotha zaka ziwiri, mu 1986, amtali awiriwo anagonjetsa Los Angeles Lakers ya Magic Johnson n'kufika m'ndime yomaliza, kumene anagonja kwa Boston Celtics. Maondo a Sampson atayamba kuvuta n'kuchoka pa timuyo, Houston sinagwe chifukwa Olajuwon analipo.

Zipatso zake zinaoneka. Houston inatenga chikho mu 1994 ndi 1995, Olajuwon anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi mu 1994, ndipo mpaka lero palibe amene wafika pa mipira 3,830 imene iye anatchinga. Ndikudziwa kuti achinyamata amakonda kunena kuti anapambana chifukwa Jordan anali atapita kukasewera baseball. Za 1994 ndivomera kuti Jordan kunalibe. Koma mu March 1995 anali atabwerera, ndipo Chicago yakeyo inatulutsidwa ndi Orlando Magic ya Shaquille O'Neal. Orlando yomweyo itakumana ndi Houston m'ndime yomaliza inakwapulidwa masewero onse anayi osapambanako ndi kamodzi komwe. Inde Jordan anamposa Olajuwon pa mbiri, zikho 6 si masanje. Koma munthu amene wasankha ng'ombe yonenepa, mnzake n'kudzapeza yonenepa kuposa, sitimutcha wogona. Wogona ndi amene wasiya zonenepa zonse n'kutenga yotsimphina chifukwa ili ndi nyanga zazitali.

Apa ndafika pa Portland. Ndalama itawakana, akuluakulu a timuyi anatsala ndi Jordan, Barkley, Perkins ndi Bowie patsogolo pawo. Maganizo awo anali omwewa amene mbale wathu wa ku Mzuzu akuyamikira. Malo amene Jordan ankasewera, a munthu wothamanga ndi mpira ndi kuponya ali chapatali, anali ndi eni ake kale. Panali Jim Paxson, amene anali mmodzi mwa akatswiri osankhidwa a ligi mu 1983 ndi 1984, panalinso Clyde Drexler amene anamutenga mu 1983 pa nambala 14. Chimene chinkawasowa ndi munthu wamtali woima pansi pa dengu. Chikho chokha chimene anali nacho anachitenga mu 1977 ali ndi wamtali wotchedwa Bill Walton, ndipo kuyambira pamene Walton anachoka mtima wawo unali pa kupeza wina wonga iye. Bowie anali wa mamita 2.16, wodziwa kupatsira mpira monga Walton. Anati tapeza.

Tsono tisaweruze ndi nzeru za lero, poti mvula ikagwa aliyense amadziwa pamene denga likudontha. Tiweruze ndi zimene zinali poyera tsiku limenelo. Za Bowie zinali zodziwika kwa wina aliyense kuti ali ku University of Kentucky anakhala zaka ziwiri zathunthu, 1981-82 ndi 1982-83, osaponda m'bwalo chifukwa fupa la msongolo wa kumanzere linali ndi mng'alu umene sunkapola, mpaka anamuchita opareshoni. Atabwerera m'chaka chomaliza ankagoletsa mapointi ochepa kusiyana ndi kale. Za Jordan zinalinso zodziwika. Mu 1982, ali m'chaka choyamba ku North Carolina, ndiye anaponya mpira umene unapatsa sukulu yake chikho cha makoleji pogonjetsa Georgetown. Mu 1984 ndiye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'makoleji. Sanali mwana wobisika kuseri kwa phiri ayi. Ndipo chondidabwitsa n'chakuti Walton yemwe ankamulirayo anatha ku Portland kaamba ka mafupa a phazi amene ankangosweka. Anthu amene analumidwapo ndi njoka pa chitsamba chimenechi anabwereranso kukapisa dzanja pomwepo.

Pali nkhani imene imanenedwa kawirikawiri ya Bob Knight, amene anali mphunzitsi wa timu ya America ya ku Olympics chaka chimenecho ndipo anali atamuona Jordan ndi maso ake pa mayeso osankhira osewera. Akuti analangiza mnzake Stu Inman, amene ankayendetsa zosankha ku Portland, kuti atenge Jordan. Inman atati ife tikusowa woima pansi pa dengu, Knight anayankha kuti ndiye mutengeni Jordan yemweyo mukamuimike pansi pa dengulo. Ena amaimva ngati nthabwala, koma ine ndimaona kuti mutu wonse wa mtsutso wathu uli m'yankho limeneli.

Zotsatira zake tiwerenge ngati masamu a Sitandade 5. Chaka cha ligi chimakhala ndi masewero 82. Bowie anasewera 76 m'chaka choyamba, ndipo anachita bwino ndithu. Chachiwiri 38, mwendo wathyoka. Chachitatu 5, wathyoka winawo. Chachinayi sanapondemo n'komwe. Chachisanu 20. Tikaphatikiza tikupeza 139 mwa masewero 410. Jordan yemwe anamusiyayo anayamba ndi mapointi 28 pa masewero alionse m'chaka chake choyamba. Wina anena kuti Jordan naye anathyoka phazi m'chaka chachiwiri nakhala pansi masewero 64. N'zoona. Koma za Jordan zinali zija akuluakulu amati chakudza sichiyimba ng'oma. Za Bowie ng'oma inali italira zaka ziwiri zathunthu, mudzi wonse unamva.

Mundimvetse bwino, a Mkonzi, sindikunyoza Bowie. Anthu amamuseka ngati kuti iye ndiye anadzisankha. Mnyamatayu sanali waulesi kapena wopanda luso. Atachoka ku Portland anasewera bwino zaka zinayi ku New Jersey Nets ndipo anapuma mu 1995 ali ku Lakers, kutanthauza kuti anapirira ululu zaka zambiri. Mu filimu ya mbiri yake imene inatuluka mu 2012 anaulula yekha kuti madokotala a Portland pomugogoda pa msongolo paja ankamva kupweteka, koma ankawauza kuti sakumva kanthu. Ndani wa ife akanachita mosiyana, ntchito ya moyo wonse itafika pakhomo? Mwana amene akufuna malo amabisa chilonda. Ntchito ya wosankha ndi kukumbukira kuti mwana amabisa, ndi kukhulupirira zaka ziwiri zija kuposa mawu a pakamwa.

Chimene mbale wathu wa ku Mzuzu akuiwala n'chakuti mpata umatsekeka m'njira zambiri, pamene luso la mtundu wa Jordan silipezeka pamsika. Portland yomweyo ndiyo umboni. Woima pansi pa dengu, Kevin Duckworth, inamupeza mu 1986 posinthana osewera ndi San Antonio. Mu 1989 inapereka Bowie ku New Jersey n'kulandira Buck Williams, munthu wamphamvu wolimbirana mipira. Mpata uja unatsekeka mwa kusinthana chabe, ndipo timu inafika m'ndime yomaliza mu 1990 ndi 1992. Nanga mu 1992 anakumana ndi yani? Jordan yemwe uja. M'masewero oyamba anawamwetsa mapointi 35 nthawi yopuma isanakwane, ndipo Chicago inatenga chikho popambana masewero 4 kwa 2.

Enanso amati Jordan ndi Drexler sakanakhalirana, ati atambala awiri salira m'khola limodzi. Mwambiwo ndi wa nkhuku, si wa basketball. Jordan anatenga zikho zake zonse ali ndi Scottie Pippen pambali pake, munthu wa msinkhu wofanana ndi Drexler amenenso ankafuna mpira m'manja. Jordan ndi Drexler anavala yunifolomu imodzi ku Barcelona mu 1992 n'kubwerako ndi golide. Ndiponso Paxson amene ankamusungira malo uja anachoka ku Portland mu 1988. Drexler naye anachoka mu February 1995 kupita ku Houston, kumene anakatenga chikho chake chokhacho ali pambali pa Olajuwon, mnzake wa ku koleji. Timu imasintha chaka ndi chaka, ndipo mpata umene ukukusowetsani tulo lero mawa umakhala pena.

Ine ndagwira choko zaka zoposa 30, ndipo zambiri mwa zakazo ndinali mphunzitsi wamkulu pa sukulu za kumudzi kumene bwalo la basketball kunalibe. Koma mpira wa ntchemberembaye tinali nawo, zigoli zake mitengo ya bulugama, ndipo matenda omwewa ndinkawaona. Ikayandikira mipikisano ya zoni, mphunzitsi wa masewera ankangoyang'ana pamzere wa asembule n'kuloza mtsikana wamtali kuposa onse kuti iwe ukhala woponya. Mpira sanamupatse n'komwe kuti aone manja ake. Pamene kamtsikana kakafupi, kamene mpira ukafika m'manja mwake sutayika, kankatsala kakuonerera kunja, ati malo ake ali kale ndi mwini. Ndinkawauza aphunzitsi anga kuti yambani mwalemba mayina a ana 7 odziwa mpira kuposa onse, za kuti uyu aima pati tikambirana pambuyo. Mwana waluso ukamuika pamalo achilendo amadandaula sabata imodzi kenaka n'kuzolowera. Wamtali wopanda manja ngakhale teremu yonse sasintha.

Tsoka la Portland n'lakuti funso lomweli linawabwereranso mu 2007, ulendo uno akusankha koyamba. Panali Greg Oden wa ku Ohio State, wa mamita 2.13, ndi Kevin Durant wa ku Texas, wamtali naye koma wowonda ngati bango, amene m'chaka chimodzi chokha cha ku koleji ankagoletsa pafupifupi mapointi 26 pa masewero alionse ndipo anasankhidwa kukhala wopambana onse m'makoleji. Pa mayeso a mphamvu Durant analephera kukweza chitsulo cha makilogalamu 84 ngakhale kamodzi, anthu n'kumaseka. Portland inatenga Oden, Seattle inatenga Durant. Oden anachitidwa opareshoni ya bondo mu September chaka chomwecho asanasewere n'komwe, mu December 2009 fupa la pabondo linalo linasweka, ndipo m'zaka zonse zimene anakhala ku Portland anasewera masewero 82, ofanana ndi a chaka chimodzi. Durant anatsogola ligi pa kugoletsa kanayi, anakhala wopambana onse mu 2014, natenga zikho ziwiri ndi Golden State mu 2017 ndi 2018.

Komabe pa mlandu uwu ine sindiweruza Portland mwaukali ngati pa wa 1984, ndipo apa ndikusiyana ndi achinyamata ambiri. Oden sanatengedwe kuti atseke mpata chabe. Odziwa mpirawu ambiri a nthawiyo ankamuona ngati woyamba, ndipo m'ndime yomaliza ya makoleji ya 2007 anagoletsa mapointi 25 polimbana ndi Florida ngakhale timu yake inagonja. Zizindikiro zinalipo, poti anali atachitidwapo opareshoni ya dzanja asanalowe koleji ndi ina ya m'chiuno ali mwana, koma sanakhalepo zaka ziwiri pansi ngati Bowie. Ndikanakhala ine ndikanatenga Durant, chifukwa ntchito yake inali itaoneka kale pa bolodi pamene ya Oden yambiri inali ya chiyembekezo. Koma amene anatenga Oden anafunsa funso loyenera, yankho ndilo linawatembenukira. A mu 1984 funsolo sanalifunse n'komwe.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya mwana wa anansi athu a ku Tanzania, Hasheem Thabeet wa ku Dar es Salaam. Mu 2009 Memphis Grizzlies inamutenga pa nambala 2, ndipo ife amene timatsata mpirawu kuno tinanyadira, poti anali Mtanzania woyamba kulowa mu NBA. Anali wa mamita 2.21 ndipo ku University of Connecticut ankatchinga mipira mochititsa mantha. Koma mpirawu anauyamba mochedwa, ndipo aliyense ankaona kuti kugoletsa kunali kusanamulowe. Pambuyo pake penipeni, nambala 3, panali James Harden. Nambala 7 panali Stephen Curry, amene ena ankati ndi wochepa thupi. Onse awiriwa anadzakhala opambana onse mu ligi, Curry kawiri, ndi zikho za 2015, 2017, 2018 ndi 2022 pamwamba. Thabeet asanamalize chaka choyamba anatumizidwa ku ligi yaing'ono kuti akaphunzire, mu 2011 Memphis inamupereka kwina, ndipo anatha zaka zisanu mu NBA akugoletsa mapointi awiri okha pa masewero alionse.

Amene anamulakwira mwanayu ndi amene anamusankha. Akanatengedwa pa nambala 20 kapena 25 akanaphunzira ntchito mwakachetechete, palibe akanamutcha wolephera. Kumuika pa nambala 2 kunali ngati kutenga mwana wa Sitandade 6 n'kumulembetsa mayeso a Sitandade 8 chifukwa ndi wamkulu thupi, akalephera n'kumamunena kuti ndi mbuli. Ndipo Memphis inali kale ndi Marc Gasol pansi pa dengu, ndiye apa ngakhale chowiringula cha mpata panalibe, anangotengeka ndi chikomekome cha mkuyu. Makolo ndi aphunzitsi a masewera, mukaona mwana wamtali musamangomuuza kuti iwe ndi wa ku America. Olajuwon chimene chinamupambanitsa si kutalika, amtali analipo ambiri, koma mapazi amene anawaphunzitsa ali pagolo ku Lagos.

Wina andifunsa kuti nanga Joel Embiid wa ku Cameroon, amene Philadelphia inamutenga pa nambala 3 mu 2014 fupa la phazi litasweka kumene, nakhala zaka ziwiri osasewera, koma mu 2023 anakhala wopambana onse mu ligi? Kodi si Bowie wina amene zinamuyendera? Ayi. Philadelphia sinkatseka mpata, inali kale ndi wamtali wachinyamata Nerlens Noel. Inatenga Embiid chifukwa ambiri ankaona kuti, phazi likanakhala bwino, ndiye anali woposa onse chaka chimenecho. Kutchova juga pa mwana woposa onse n'kosiyana ndi kutchova juga pa wotseka mpata. Ngakhale zili choncho mtengo wake aulipira, poti kuvulala sikunamusiye, ndipo pofika 2025 timuyo inali isanadutsepo ndime yachiwiri ya mpikisano wa chikho iye ali momwemo.

Sindikunena kuti mpata usamaonedwe konse. Ngati anyamata awiri ali ofanana luso ndi thanzi, tengani amene malo ake alibe munthu, palibe vuto. Kumapeto kwa mndandanda, kumene mukufuna wothandizira chabe, nakonso n'chimodzimodzi, ngakhale kumenekonso maso ayenera kukhala otsegula poti Nikola Jokic, amene anakhala wopambana onse mu 2021, 2022 ndi 2024, Denver inamutola pa nambala 41 mu 2014 momwemo. Koma timu imene yafika posankha pa nambala 1, 2 kapena 3 kawirikawiri imakhala yodwala thupi lonse. Siinganene kuti vuto lathu ndi chala chimodzi.

Ndipo musaganize kuti matendawa anatha ndi makolo. Mu 2018 panali Luka Doncic wa ku Slovenia, amene ali ndi zaka 19 zokha anali atatenga chikho cha makalabu a ku Ulaya ndi Real Madrid n'kusankhidwanso wopambana onse mu mpikisanowo. Phoenix inatenga Deandre Ayton, Sacramento pa nambala 2 inatenga Marvin Bagley, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zinamveka ku Sacramento n'chakuti anali kale ndi De'Aaron Fox woyendetsa mpira. Bagley anamupereka ku Detroit mu 2022. Doncic anafikitsa Dallas m'ndime yomaliza mu 2024. Fox amene ankamusungira malo uja anachoka mu February 2025 kupita ku San Antonio. Nkhani ya Paxson yomwe ija, mayina okha ndiwo asintha.

Ku San Antonio komweko ndiko ndikupeza chitsanzo chimene ndikuchiombera m'manja. Mu June 2025 Spurs inkasankha pa nambala 2, Dallas itatenga kale Cooper Flagg. Oyendetsa mpira inali nawo awiri, Fox amene anali atangofika kumene ndi Stephon Castle amene anali atangolandira mphoto ya wosewera watsopano wopambana onse. Mwa nzeru za mbale wathu wa ku Mzuzu, Dylan Harper wa ku Rutgers akanamudumpha chifukwa nayenso ndi woyendetsa mpira. Iwo anamutenga, poti ndiye anali woposa otsalawo. Bambo ake, Ron Harper, anatenga zikho zitatu ali pambali pa Jordan ku Chicago kuyambira 1996 mpaka 1998, ngakhale iwonso anali ozolowera malo omwewo a Jordan. Ine ndikuti Spurs inachita bwino pa tsikulo, ndipo chigamulo changachi sichidikira zikho. Ndi timu yomweyi imene mu 1997 inatenga Tim Duncan ili kale ndi wamtali David Robinson, n'kudzatenga naye zikho zisanu pakati pa 1999 ndi 2014.

Choncho mbale wathu wa ku Zomba achotse Houston m'thumba muja, musatsale ina koma Portland. Mbale wathu wa ku Mzuzu anditchulire timu imodzi imene inasiya mwana woposa onse pa nambala zitatu zoyambirira n'kutenga wotseka mpata, ndipo lero ikunyadira. Nyuzipepala imafika mochedwa kuno kumudzi, koma yankho lawo ndidzaliwerenga.

Mphunzitsi Wamkulu Wopuma,
Ntchisi.